Malo athu a manyowa ku Chamama: tigule makina kapena tikumbe mjigo?

Mlembi: Moni nonse. Maenje asanu ndi limodzi aja adzaza, zinyalala za pamsika zikungounjikana panja. Komiti ikuganiza zogula makina odula mapesi ndi makoko a mtedza kuti ziziwola msanga. Tiyeni tikambirane.

Achimwene a ku Joni: Gulani basi. Ndalama yanga ndiponya mwezi ukatha.

Mayi a ku Santhe: Achimwene, mwakhalitsa kunja inu. Ndinali komweko Loweruka, ndinapisa dzanja m'dzenje lachitatu, m'kati mozizira ngati mtsuko. Mulu ukamawola bwino umatentha, ukabaya ndodo imatuluka yofunda ndi yonyowa. Wathuwu ngouma gwa. Anyamata akutunga madzi kudambo panjinga, zigubu ziwiri ulendo umodzi, ndi dzuwa la Okutobala lino. Makina adula mapesi, inde, koma mapesi ouma sangawole ngakhale muwapere ngati ufa. Tiyambe ndi mjigo.

Achimwene a ku Joni: Nanga mvula ikabwera?

Mayi a ku Santhe: Mvula ikagwa mlimi amafuna manyowa ali kale m'munda, osati kudzenje.

Msungichuma: Amayi anena zoona, koma pali china. Theka la tsiku anyamata amathera kutola majumbo m'zinyalala. Boma linaletsa mapepala apulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 mu 2015, khoti la Supreme linagwirizana nazo mu 2019, koma pitani pamsika muone tomato akumangidwa m'chiyani. Majumbo amenewo akalowa m'makina adulidwa tizidutswa, ndiye tikagulitsa mlimi pulasitiki yoti sadzaichotsanso m'munda mwake.

Aphunzitsi opuma: Ana anga, musaiwale wogula. Chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, feteleza sagwirika, ndipo si onse amalowa m'kaundula wa feteleza wotsika mtengo wa boma. Kwathu kuno ambiri athawira ku feteleza wopanga okha wotchedwa Mbeya: gaga, phulusa, ndowe za ziweto, feteleza pang'ono, kuwaza madzi, kumanga m'thumba masabata atatu. Bwanji ifenso tizipanga ameneyo? Safuna dzenje, amangofuna mthunzi.

Msungichuma: Gagayo tilimbirana ndi oweta nkhumba, aphunzitsi. Mtengo wake mukuudziwa.

Achimwene a ku Joni: Chabwino, ndagonja pa makina. Koma mabotolo apulasitiki aja bwanji? Chaka chatha munati tizigulitsa ku Lilongwe.

Mlembi: Alipo, matumba ali kuseli kwa shedi. Wogula anati sangatumize lole pa katundu wosadzaza, ndipo akufuna osankhidwa, oyera paokha.

Mayi a ku Santhe: Ndiye tiike migolo iwiri pamsika, wina wa zowola, wina wa mapulasitiki. Koma pakhale munthu wolipidwa woyang'anira, apo ayi mgolo usanduka mosungira madzi kunyumba kwa wina. Woyamba uja unapita choncho.

Mlembi: Ndalemba mjigo, migolo ndi woyang'anira. Ndani akaonane ndi komiti ya msika Lachitatu? Asakhale ine, nthawi yapita ija ndinangokhala pabenchi mpaka madzulo.