Sigma 18-50mm: ndigule kapena ndalama ndisunge kaye?

Mlongo wa ku Chinamwali: Akuluakulu a m'gulu muno, ndithandizeni nzeru ndisanataye ndalama. Ndili ndi kamera ya Sony ZV-E10, ndipo chigulireni ndikugwiritsa ntchito kalenzi komwe inabwera nako, ka 16-50mm kaja. Ndimajambula mavidiyo a zakudya ndi malo a kuno ku Zomba. Lero ndili mu msika pakati pa amayi a matemba ndi usipa, mawa ndikukwera ku Chawe ndikudzijambula ndekha, kamera m'manja. Vuto langa ndi madzulo komanso m'mashedi a mu msika. Kukangoda pang'ono, chithunzi chimadzaza timadontho ngati wachiwaza mchenga. Achimwene anga a ku Joni akubwera kumapeto kwa mwezi ndipo apeza lenzi ya Sigma 18-50mm f/2.8 yogwirako kale ntchito. Pa YouTube aliyense akungoyitama. Ndigule? Ndalama yake ndi ya chipereganyu cha miyezi isanu, ndiye musandinamize.

Mfana wa ku Chikanda: Gulani achemwali, osaganizanso kawiri. Ine ndili nayo chaka chachiwiri tsopano. Kalenzi kanuko mukakokera pa 50mm kamatseka diso mpaka f/5.6, pomwe Sigma imakhalabe pa f/2.8 kuyambira pa 18 mpaka pa 50. Ndiye kuti kuwala kolowa kumachuluka kanayi. Mchenga mukunenawo umabwera chifukwa kamera ikukweza ISO, yomwe imawalitsa chithunzi, pofuna kuona mu mdima. Ndiponso siyolemera, magalamu 290 okha. Ndinajambulira bridal shower mu holo ina ya mababu atatu, anthu anadabwa.

Madala a ku Matawale: Mwana wanga, musanamvere mnyamatayu ndiyankheni funso limodzi. Pa mavidiyo khumi amene mumajambula, ndi angati amene kamera imayang'ana inuyo, nanga ndi angati imayang'ana anthu ena?

Mlongo wa ku Chinamwali: Ndinganene kuti theka ndi theka, madala. Poyamba ndi pomaliza ndimalankhula ndikuyenda, pakati ndimaonetsa zakudya ndi anthu.

Madala a ku Matawale: Ndiye khalani pansi ndikuuzeni zimene a pa YouTube amadutsapo mothamanga. ZV-E10 ilibe chogwiriziza chithunzi m'thupi mwake. Dzanja likanjenjemera, sensa nayo imanjenjemera. Kalenzi mukukanyozako kali ndi OSS, galasi lina m'kati mwake limasuntha kulimbana ndi kugwedezeka kwa dzanja. Sigma 18-50 ilibe zimenezo. Mukaimanga pa kamera yanuyo mutsala ndi Active SteadyShot yokha, ndipo imeneyo imakhazikitsa chithunzi pochidula m'mbali kwambiri. Tsono werengani: sensa yanu ndi ya APS-C, yocheperako, ndiye 18mm timachulukitsa ndi 1.5 n'kukhala 27mm, ndipo nambala ikamakula malo ooneka amachepa. Onjezerani kudula kwa Active kuja. Mukatambasula dzanja kuti mudzijambule, chotuluka ndi mphuno, milomo ndi ndolo imodzi. Phiri limene mwakwerera thukuta lili kamukamu silionekanso.

Ndipo za kuwala kanayi zija ndi zoona pa 50mm pokha. Kumene mumadzijambulira, kalenzi kanu kali pa f/3.5. Kuchoka pamenepo kufika pa f/2.8 phindu lake silifika ngakhale kawiri.

Mfana wa ku Chikanda: Madala, ulemu wanu, koma mukulankhula ngati munthu sangagule gimbal, chogwirira cha mamota chija choletsa kamera kugwedezeka. Ine ndikaika pa gimbal chithunzi chimayenda ngati bwato pa Chilwa kulibe mphepo.

Madala a ku Matawale: Aise, gimbal imaperekedwa ulere kuti? Mwanayu wanena za chipereganyu cha miyezi isanu. Ndiye ukufuna alowe nayo mu msika Loweruka, pakati pa mabasiketi ndi anyamata a mawilibala? Amayi a nsomba akaona chimtengo chotembenuka chokha amabisa nkhope, ena amayamba kufunsa kuti walipira ndani. Kamera yaing'ono m'manja anthu amaiwala kuti ilipo.

Mayi a Maukwati: Ndilowererepo. Ine ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe kuyambira ku Thondwe mpaka ku Domasi, ndipo ndinasankha Tamron 17-70mm f/2.8 chifukwa ili ndi VC, yomwe ndi OSS ya kwa Tamron. Kuwala ndi komweko kwa Sigma, imafika patali kuposa, ndipo ukaima chilili n'kugwira ndi manja awiri chithunzi chimakhala phee. Koma ndisakubiseni mng'ono wanga, ndi magalamu 525. Kamera yanu ndi batire yomwe ndi magalamu 343. Ndiye kuti lenzi ikulemera kuposa kamera, zonse zimagwera kutsogolo. Ndinayesapo kudzijambula ndikutsikira ku Williams Falls, mphindi zitatu sizinakwane phewa linayamba kuyaka moto. Ya ntchito ngati yanga ndi yabwino. Ya kudzijambula ukuyenda, ayi.

Mlongo wa ku Chinamwali: Iii, ndiye mwandisokoneza. Ndimayesa ndibwera kudzangomva kuti eya.

Wa Njinga ku Sadzi: Ine ndi wa mavidiyo a njinga za mapiri, ndiye kamera imayang'ana ine nthawi zambiri. Ndinagula Sony E 11mm f/1.8 ndipo sindidandaula. Magalamu 181, umachita kuiwala kuti ilipo. Nayo ilibe OSS, koma poti ndi yotambalala kwambiri, kugwedezeka sikuoneka kwenikweni, ndipo Active ikadula umatsalabe ndi mutu, mapewa ndi phiri kumbuyo. Pa Emperor's View ndinadzijambula chigwa chonse chili kumbuyo kwanga, Chilwa ikuoneka chapatali ndi Mulanje yomwe. Madzulo f/1.8 imalowetsa kuwala kuposa kawiri poyerekeza ndi f/2.8. Vuto lake n'lakuti siikoka. Ukafuna kuonetsa chambiko m'mbale uyenera kulowetsa kamera mpaka m'mbalemo, ndipo munthu ukamuyandikira kwambiri nkhope imatupa ngati dzungu.

Mfana wa ku Chikanda: Mwamva nokha. Lenzi yosakoka pa mavidiyo a zakudya? Sigma pa 18mm imaona bwino chinthu chili pa masentimita 12 kuchokera pa sensa. Ndinajambula mastroberi amene ana amagulitsa mu msewu wokwera ku Chawe uja, timbewu take tonse tikuoneka, mame ali pamwamba, kumbuyo kuli mbuu. Zimenezo ndi zimene anthu amaimira pa TikTok, osati phiri limene analiona kale.

Madala a ku Matawale: Pamenepo wanena zoona, sindikutsutsa. Pa zakudya ndi nkhope za anthu Sigma ndi katundu. Chimene ndikukana ndi mawu oti lenzi imodzi ichita zonse. Zonse zitatu mwatchulazi ndi zabwino, koma iliyonse ili ndi pamene imatsimphina.

Akulu a Mawaya: Pepani ndalowa mochedwa, magetsi anali atathima kwathu. Palibe amene wafunsa za mawu. Achemwali, ndinaonera vidiyo yanu ya pa damu la Mulunguzi. Chithunzi chinali bwino ndithu, koma mphepo inali phuu phuu mpaka ndinatsitsa volume. Munthu amapirira chithunzi cha timadontho, koma mawu oipa amangodumpha n'kupita kwina. Mayiki yopanira pa kolala ndi yotchipa kutalitali poyerekeza ndi lenzi. Komanso kaubweya kotchinga mphepo kamene kanabwera ndi kamerayo kali kuti?

Mlongo wa ku Chinamwali: Kanagwa m'basi ya ku Limbe, musandiseke.

Akulu a Mawaya: Ndaseka kale. China: mu msika ndi m'malesitilanti ikani kamera pa 25fps, kutanthauza zithunzi 25 pa sekondi, shutter 1/50. Magetsi athu ndi a 50Hz, mukasiya pa 30fps mababu ena amaphethira m'vidiyo. Ndipo masana dzuwa la mu October, f/2.8 pa 1/50 chithunzi chingoyera mbee, mufunika ND filter, kagalasi kakuda koika pakamwa pa lenzi kochepetsa kuwala. Muiwerengere pa bajeti. Mwayi wake Sigma ija ndi 11mm ya Sony zonse pakamwa pake ndi 55mm, ndiye filter imodzi ikwana ponse mukadzakhala nazo ziwiri.

Mayi a Maukwati: Ndipo poti mwati ndi ya kaunjika, auzeni achimwene anuwo asangoyang'ana kunja. Achotse zivindikiro zonse ziwiri, aunike ndi tochi ya foni kuchokera kumbuyo. Akaona tinthu ngati ulusi wa kangaude m'kati mwa galasi, imeneyo ndi nkhungu, aisiye ngakhale atsitse mtengo. Ine ndinagulapo lenzi ina kwa munthu wa pa intaneti, pa zithunzi inali yowala ngati yatsopano. Itafika, ndikajambula moyang'ana kumene kukuchokera dzuwa, mkwatibwi ankaoneka ngati waima mu utsi. Munthuyo foni anathimitsa. Ndipo kuno ku Zomba chinyezi n'chambiri. Nkhungu ya kuphiri ija ukabwera nayo m'chikwama n'kutsekera, imasanduka nkhungu ya m'galasi. Zanga ndimasunga m'kontena ya pulasitiki yotseka bwino, m'kati muli timapaketi ta silica gel, tija timabwera m'mabokosi a nsapato.

Wa Njinga ku Sadzi: Za mtengo, Sigma itatuluka mu 2021 inali madola 549, Tamron madola 799. Muyambire pamenepo poona ngati ya kaunjikayo yatsikadi. Chigwereni kwacha mu November 2023 ndi 44 peresenti, chilichonse cha madola chimaluma, ndiye polakwitsa palibe. Ukagula yolakwika kuno ogula ndi ochepa, uikhalira miyezi.

Madala a ku Matawale: Mwana wanga, pali mayeso aulere. Mawa tengani kalenzi kanuko, kokerani pa 18mm, ikani SteadyShot pa Active, tambasulani dzanja muyende masitepe makumi awiri mukulankhula. Kenako ikani pa Off muyendenso. Choyambacho chikuonetsani kupanikizika kwa Sigma, chachiwiri kugwedezeka kwake. Mukazikonda, gulani ndi mtima umodzi.

Mlongo wa ku Chinamwali: Ndabwerako. Ndinayesera mu Botanical Gardens m'mawa uno. Pa Active nkhope yanga inadzaza skrini yonse, duku linaduka pakati, mitengo yonse ija kunangotsala tsamba limodzi pa khutu. Pa Off ndinachita chizungulire poonera. Madala munanena zoona. Koma kenako ndinapita ku msika, shedi ya nsomba, ndinakokera pa 50mm kuti ndijambule manja a mayi wina akuwunjika matemba, mchenga uja n'kubweranso. Ndiye mfana wa ku Chikanda nayenso sananame.

Ndawauza achimwene kuti aiunike ndi tochi, ikakhala yoyera abwere nayo. Kalenzi kakale sindigulitsa ngati mmene ndimaganizira, kazikhala m'thumba la jekete ka poyenda. Mayiki ndigula sabata ino.

Wa Njinga ku Sadzi: Musintha malenzi pakati pa msika, fumbi la mu September lili tolotolo? Mudzandiuza sensa ikadzadzaza madontho. Mukanangotenga 11mm.

Mfana wa ku Chikanda: Inu a njinga, vomerezani kuti mwaluza.

Madala a ku Matawale: Posintha muzizimitsa kamera, muiyang'anitse pansi, msana mutchinge mphepo. Ndipo mugule kopopera mpweya, osapuzira ndi pakamwa. Ikafika mundiitane ndidzaione, ndili ndi tochi yabwino kuposa ya achimwene anuwo.

Mayi a Maukwati: Ikakukanikani mundiuze ine kaye musanaike pa Facebook. Ndikufuna yopepuka ya kamera yachiwiri.