Zomwe ndapeza pa funso la mabanki ndi malamulo a zanyengo

Ndinafunsa kuti tingadziwe bwanji ngati banki yolonjeza kuteteza chilengedwe sikunyengerera andale kumbali kuti afooketse malamulo okhudza kusintha kwa nyengo.

Ku America, lamulo la Lobbying Disclosure Act la 1995 limakakamiza makampani kuulula ndalama zomwe amagwiritsa ntchito pokopa opanga malamulo, ndipo masiku ano malipotiwo amatuluka miyezi itatu iliyonse. Vuto lili pa mabungwe omwe mabanki amalowamo: bungwe ndilo limalankhula, banki ili phee, dzina lake osaoneka. A InfluenceMap, omwe amafufuza momwe makampani amakopera andale pa nkhani za nyengo, amalondola zimenezi, yambirani kumeneko.

Chomwe chandidetsa nkhawa n'chakuti banki ya Goldman Sachs inatuluka mu Net-Zero Banking Alliance, mgwirizano wa mabanki omwe analonjeza kuchepetsa mpweya wosokoneza nyengo, mu 2024, banki ya JPMorgan Chase n'kutsatira mu 2025. Kodi alipo akudziwa banki yomwe imaulula zonse zomwe imapereka ku mabungwe olankhulira mabanki aja?