Za mboni yosamva ya m'nkhani yanga yopeka ija

Ndikuthokoza nonse amene munandiyankha nditafunsa za kalembedwe ka mboni yosamva m'nkhani yanga yopeka ya kapitawo wophedwa pa esiteti ya tiyi kuno ku Thyolo. Ndinatsatira langizo loti ndiwerengetse anthu osamva eni ake, ndipo ndinakumana ndi amayi awiri ku Bvumbwe, womasulira chinenero chamanja ali pomwepo. Anaseka ataona kuti mboni yanga inawerenga milomo ya chigawenga usiku ili patali, zomwe sizitheka. Ndasintha nkhaniyo, tsopano wapolisi akusokonekera chifukwa womasulira wa m'nkhanimo sanasamale nsidze za mboniyo, zomwe zikakwezedwa zimasonyeza funso m'chinenero chamanja. Amayi aja anandiphunzitsanso kuti mboniyo itchule chigawengacho ndi dzina lamanja (chizindikiro chamanja choimira munthu) lotengera chipsera chake cha patsaya.