Ma cartridge a MVS ogwiritsidwapo kale, ina yokonzedwapo: ndigule kapena ndisiye?

Wofunsa:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru ndisanalipire. Pali munthu akugulitsa ma cartridge atatu a Neo Geo MVS, makina a kampani ya SNK a m'malo osewerera magemu: Metal Slug 2, The King of Fighters '98 ndi Samurai Shodown II. Zithunzi zomwe watumiza ndi za kunja kokha. Sitika ya Metal Slug 2 ikuwala ngati yadzulo, pa KOF nambala inakandidwa, ndipo ya Samurai akuti inakonzedwapo mawu koma ikusewera bwinobwino. Akufunanso kundiikirapo ija ya 161-in-1, multicart yokhala ndi magemu ambiri mu cartridge imodzi. Bodi yanga yaikulu ndi ya slot imodzi yolowetsamo cartridge, ili mu kabati ya mawaya a JAMMA yokhala ndi CRT, sikirini yakale ya chubu. Orijino ndingaisiyanitse bwanji ndi bootleg, yokopera yosapangidwa ndi SNK? Yokonzedwapo ndi yoti munthu n'kugula? Nanga ndi zoona kuti bootleg imawononga bodi?

Mmisiri wa ma bodi:
Achimwene, za sitika zisiyeni kaye. Ma cartridge amenewa anagwira ntchito zaka zambiri m'malo osewerera magemu, ndiye sitika kung'ambika, kusinthidwa kapena nambala kukandidwa si zachilendo. Sitika yatsopano imapezeka pa katundu weniweni, sitika yeniyeni imapezekanso pa chigoba chomwe m'kati mwake anaikamo zina. Muuzeni amasule masikuluwu anayi a chigobacho, atulutse ma bodi onse awiri a m'katimo, ajambule kutsogolo ndi kumbuyo pamalo powala, moti zilembo za pa ma chip ziziwerengeka. Zithunzi zinayi pa cartridge iliyonse. Akakana kumasula, musagule.

Zithunzi zikabwera, yang'anani izi. Bodi imodzi imalembedwa PROG, inayo CHA, ndipo za SNK zimakhala ndi dzina lonse losindikizidwa bwino, monga NEO-MVS PROGBK1 kapena NEO-MVS CHA256. Ma ROM ndi ma chip osunga gemu. Pa PROG pamakhala ma P ROM, omwe amasunga pulogalamu ya gemu, ndi ma V ROM a mawu. Pa CHA pamakhala ma C ROM a zithunzi zoyenda, S ROM ya zilembo ndi mizere ya moyo, komanso M ROM yomwe imauza Z80, chip yoyang'anira mawu, mmene iyimbire. Gemu iliyonse SNK inaipatsa nambala, ndipo nambalayo imasindikizidwa pa ROM iliyonse. Metal Slug 2 ndi 241, KOF '98 ndi 242, Samurai Shodown II ndi 063. Ndiye muyenera kuona 241-P1, 241-C1, 241-V1, choncho mpaka onse. Mukapeza chigoba chalembedwa Metal Slug 2 koma ma chip alibe nambala, kapena pamwamba pawo anapalapo, yankho mwalipeza. Onaninso ma chip a SNK eniake monga NEO-ZMC ndi NEO-273 pa CHA, ndi PCM pa PROG.

Wina wa pa gulu:
Njira yachidule ndi iyi: mukangoona chip yokhala ndi kazenera kagalasi pakati, imeneyo ndi EPROM, ROM yofufutika n'kulembedwanso, ndiye kuti ndi feki basi.

Wosonkhanitsa ma MVS:
Ayi akulu, pamenepo tisamusocheretse mnzathu. SNK yeniyeniyo inkaika EPROM pa ma cartridge ena, makamaka pa P, S kapena M, ikasintha pulogalamu mochedwa. EPROM imodzi kapena ziwiri pa bodi ya SNK yomwe ma ROM ena onse ali ndi nambala yolondola si umboni wa chinyengo. Ikhoza kukhala ya ku fakitale, ikhozanso kukhala ntchito ya wokonza. Pa KOF '98 musadabwenso mukaona chip ya Altera pa PROG, makope ambiri enieni ali nayo, ndi yoteteza kuti gemu isakoperedwe.

Mitundu ilipo inayi ndipo anthu amaisakaniza. Pali orijino yosakhudzidwa. Pali orijino yokonzedwa. Pali conversion, pomwe atenga ma bodi enieni a gemu ina, azula ma ROM onse n'kuikapo ma EPROM a gemu yofunidwa kwambiri. Kenako pali bootleg yeniyeni, yomwe ngakhale bodi yake si ya SNK. Conversion imadziwika ndi ma EPROM ambirimbiri, solder yatsopano pa miyendo yonse, ndi timawaya todumphira apa ndi apo. Ikapangidwa ndi ma EPROM a 5V monga 27C160 kapena 27C322, pa nkhani ya magetsi ilibe vuto. Vuto limakhalapo wogulitsa akamaitcha orijino.

Mmisiri wa ma bodi:
Funso lanu lachitatu lija, la bootleg kuwononga bodi, ndi lomwe ndikufuna tikhalepo, chifukwa ndi pomwe pamaonongekera katundu. Bodi ya MVS inatuluka mu 1990 ndipo zonse za m'menemo zimalankhulana pa 5V. Ma bootleg akale a zaka za m'ma 1990 ankagwiritsa ntchito ma chip a 5V omwewo. Amatha kukhala ndi mawu oipa kapena zithunzi zolakwika, koma magetsi ake amagwirizana ndi bodi yanu. Ma bootleg aposachedwa ndi ma multicart ambiri, kuphatikizapo 161-in-1, amagwiritsa ntchito ma flash chip a 3.3V, timene tija tatiphwatalala tokhala ndi miyendo yowirira kwambiri.

Kuti chip ya 3.3V ikhale bwino pa bodi ya 5V pamafunika zinthu ziwiri. Choyamba ndi regulator yotsitsa magetsi odyetsa chip, kachinthu ka miyendo itatu komwe kawirikawiri kamalembedwa 1117 ndi 3.3. Ena amangoika ma diode awiri motsatizana, magetsi n'kutsika kufika cha ku 3.6 kapena 3.8V, ndipo amasinthasintha malinga ndi magetsi omwe chip ikudya. Chachiwiri, chomwe opanga ambiri amachidumpha, ndi ma level shifter, osintha 5V kukhala 3.3V pa mizere ya address ndi data yomwe bodi imalankhulirana ndi chip, ma chip olembedwa 74LVC245 kapena 164245. Popanda amenewa, bodi yanu imakankhira 5V molunjika pa mwendo wa chip yomwe malire ake ali cha ku 4V. Magetsi otsalawo amadutsa mu ma diode oteteza a m'kati mwa flash. Flash imatentha, ma chip a pa bodi yanu omwe akukankha mizereyo amagwiranso ntchito yoposa yomwe anapangidwira. Sizipsa tsiku lomwelo, n'chifukwa chake ambiri amati palibe vuto. Koma ma chip a SNK a pa bodi sapangidwanso, ina ikafa nthawi zambiri mumafunika kupha bodi ina kuti muipeze. Ine langizo langa ndi lakuti 161-in-1 musaitenge pokhapokha zithunzi zionetse regulator ndi ma level shifter okwanira mizere yonse.

Wina wa pa gulu:
Koma anthu ambiri akuigwiritsa ntchito kwa zaka popanda kudandaula.

Mmisiri wa ma bodi:
Ndi zoona, ndipo sindikunena kuti iliyonse ifa mawa. Ndikunena kuti chip ikugwira ntchito kunja kwa malire omwe wopanga wake analemba. Pali chinanso chomwe chimapha ma bodi mwachangu kuposa pamenepo. Multicart imadya magetsi ambiri, 5V imatsika, gemu imayamba kuzima n'kuyakanso. Munthu amapotokola kabatani ka pa power supply kuti akweze. Mawa lake achotsa multicart, aika cartridge wamba yosadya kwambiri, magetsi aja akwera kupitirira muyezo. Yezani ndi multimeter pa bodi penipeni, osati pa power supply: pa JAMMA mapini 1 ndi 2 ndi GND, 3 ndi 4 ndi +5V. Yezani gemu ikusewera, ndipo muzipeza pakati pa 5.0 ndi 5.1V. Mukasintha cartridge yezaninso.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri. Wamasula ndipo watumiza zithunzi. Metal Slug 2 ndi KOF ma chip onse ali ndi 241 ndi 242. Pa Samurai onse ndi 063 kupatula pamalo polembedwa M1, pomwe pali EPROM ya kazenera kosaphimba, ndi kawaya kamodzi kumbuyo kochokera pa mwendo wake. Mozungulira pali zofiirira zouma.

Wokonza mawu ndi zithunzi:
Zikugwirizana ndi zomwe wogulitsa ananena, achimwene. M1 ikafa mawu amasowa onse kapena bodi imadandaula za Z80, ndiye wokonza anaika EPROM m'malo mwake. Kawayako mwina kakulowa m'malo mwa kanjira ka kopa komwe kanaduka pozula chip yakale. Zofiirirazo ndi flux, mankhwala othandiza solder kugwira, yomwe sanapukute. Payokha si yoopsa, imachoka ndi isopropyl alcohol ndi kamswachi, koma imabisa zolakwika, ndiye pemphani chithunzi cha pafupi atapukuta.

Pa chithunzicho yang'anani mwendo uliwonse. Solder yabwino imakhala yosalala, yakwera mwendo ngati kaphiri kakang'ono. Ikakhala yambuu, yofufuma ngati mpira kapena yokhala ndi mng'alu mozungulira mwendo, idzasiya kugwira bodi ikatentha. Onani kuti palibe miyendo iwiri yoyandikana yomwe solder yailumikiza, komanso kuti timphete ta kopa tomwe miyendo imalowamo sitinatukuke. Kawaya kakhale kakafupi, kokutidwa, kogona pa bodi, osati kolendewera moti chigoba n'kukapana potseka. Ngati anaika socket pansi pa EPROM, onani kuti chip sikukhudza bodi inayo kapena chigoba, malo m'katimo ndi ochepa. Kazenerako muphimbe ndi kasitika kosalowa kuwala, chifukwa kuwala kwa ultraviolet ndi komwe kumafufuta EPROM. Zikakhala choncho cartridge imeneyo ndi yogula, bola nonse mukudziwa kuti ndi yokonzedwa ndipo mtengo ukhale wotsika kuposa wa yosakhudzidwa.

Pemphaninso vidiyo ya gemu iliyonse ikusewera kwa mphindi zingapo, osati chithunzi cha poyambira chokha. Ma ROM ena amawerengedwa pokhapokha mukafika patali kapena mukasankha munthu wina. Pa Samurai asinthe anthu ndi mabwalo angapo, sipika ili yokweza.

Wosonkhanitsa ma MVS:
Zikafika m'manja mwanu musathamangire kuyatsa. Bodi iliyonse ya cartridge ili ndi mano 120, timizere ta golide ta m'mphepete tolowa mu slot, onse pamodzi 240, ndipo zambiri zomwe anthu amati cartridge yafa zimakhala litsiro pa manowo. Nyowetsani kansalu kosasiya ulusi ndi isopropyl ya 90% kapena kuposa, pukutani mbali zonse mpaka kansalu kasiye kuda, dikirani ziume. Sandpaper ayi, chonde. Golide wa pa manowo ndi wopyapyala kwambiri, mukamupala kopa wa pansi amayamba kuchita dzimbiri ndipo vutolo silitheranso. Manowo akhale chinthu chomwe mukuyang'ananso pa zithunzi: ma bootleg ena amakhala ndi mano otuwa opakidwa solder ndi m'mphepete mosasongoka, ndipo amakanula slot yanu pang'onopang'ono.

Kenako ikani multimeter pa ma ohm, pomwe imalira mawaya ake akalumikizana, gwirani miyendo iwiri ya capacitor ina iliyonse ya pakati pa 5V ndi GND pa bodi iliyonse. Kulira kamphindi kenako n'kusiya si vuto, ndi ma capacitor akudzaza. Ikakhazikika pafupi ndi 0 pali short, musaiike m'makina. Pobwezera ma bodi m'chigoba musawasinthanitse malo, jambulani musanatulutse. Poika mu slot tsatirani kamuvi ka pa chigoba, ndipo magetsi akhale ozima nthawi zonse poika ndi pochotsa.

Mukayatsa, sikirini imakuuzani komwe kuli vuto. Mizere ya mabokosi yokhayokha ndiye kuti bodi sikuona P ROM, yambani ndi mano a PROG. Mizere yoimirira pa anthu ndi pa malo ndi ma C ROM kapena mano a CHA. Zilembo ndi mizere ya moyo zikasokonekera ndi S ROM. Nyimbo zilipo koma mawu ena akusowa kapena akukhadzula, ndi ma V ROM kapena PCM. Yesani cartridge ina yomwe mukudziwa kuti ndi yabwino musanaweruze, mwina vuto ndi slot. Ngati muli ndi UniBIOS, chip yoyambitsa makina yomwe ena amaika m'malo mwa ya SNK, ili ndi poyezera ngati ma ROM a pulogalamu akuwerengeka molondola (CRC), koma ma C ndi ma V siwaona.

Mmisiri wa ma bodi:
Muli pomwepo, yang'anani batire la pa bodi yanu. Ma MVS ambiri anabwera ndi batire lochajidwa la NiCd la 3.6V, ndipo likakalamba limadontha n'kudya tinjira ta kopa pafupi ndi backup RAM. Mukaona zoyera kapena zobiriwira m'mbali mwake, lizuleni. Zodonthazo ndi za alkali, ndiye pakani viniga woyera pang'ono, tsukani ndi isopropyl, umitsani. Mukafuna kuikapo CR2032, kabatire kooneka ngati ndalama yachitsulo, chotsani kaye resistor yomwe imachaja batire, chifukwa CR2032 si yochajidwa ndipo ikhoza kufufuma kapena kuphulika. 

Woyang'anira gulu:
Ndionjezere za kabatiyo, abale. Posintha cartridge dzanja limadutsa pafupi ndi kumbuyo kwa CRT. Waya wonenepa wopita pa kapu ya labala pa chubu amanyamula mavolti oposa 20,000, ndipo chubu chimasunga magetsi ngakhale mwazimitsa. Zulani pulagi pakhoma, vulani wotchi ndi mphete, musakhudze kapuyo kapena bodi ya monitor, ndipo samalani khosi la chubu, ndi galasi lopyapyala. Onaninso kuti waya wa earth ndi wolumikizidwa ku zitsulo za kabati ndipo fuse ndi ya mlingo wake, osati yomangidwa ndi waya.

Wofunsa:
Ndamva. Metal Slug 2 ndi KOF nditenga, 161-in-1 ndaisiya. Ya Samurai ndamupempha apukute flux ajambulenso pafupi. Pa chithunzi choyamba mwendo umodzi wa EPROM ukuoneka ngati wakhudzana ndi unzake.

Wokonza mawu ndi zithunzi:
Ngati ali ndi multimeter, ayeze pakati pa miyendo iwiriyo cartridge ili kunja kwa makina. Ikalira mosalekeza, atsatire tinjira ta kopa aone ngati miyendoyo ndi yolumikizana kale pa bodi, chifukwa ina imapita limodzi ku 5V mwadala. Ngati si choncho, achotse solder yopitirirayo ndi solder wick, ayezenso, kenako atumize vidiyo ina ya mawu.