Makamera achitetezo: kugula kwa kampani yopanga kapena kudzera kwa oika makamera?

Nabanda wa Hadiweya:
Akuluakulu ndithandizeni nzeru. Ndikufuna makamera anayi pa shopu: awiri kunja, imodzi pa kauntala, ina kuchipinda chosungira katundu. Woika makamera wanditchulira mtengo wa Hikvision pamodzi ndi ntchito yake. Koma pa intaneti ndikuona makampani monga Reolink, Eufy ndi TP-Link akugulitsa okha kwa ogula, mtengo wooneka wotsika ndithu. Kusiyana kwake kuli pati? Ndingaitanitse ndekha osanong'oneza bondo?

Mjomba wa Mawaya:
Mayi, misika yake ndi iwiri. Hikvision ndi Dahua katundu wawo amadutsa kwa ogulitsa akuluakulu ovomerezeka, kenako kwa oika makamera, ndiye aliyense amaikapo kake. Makampani omwewa ali ndi mayina ena a katundu wa m'nyumba yemwe munthu amaika yekha: EZVIZ ndi ya Hikvision, Imou inachokera kwa Dahua. Reolink, Eufy ya Anker, Tapo ya TP-Link, Wyze ndi Ring ya Amazon amalunjika kwa wogula kudzera pa masamba awo ndi m'misika ya pa intaneti. Kutsika kwa mtengo nkoona, koma ntchito imene munthu wapakati uja amagwira imabwera kwa inu: kusankha, kukoka mawaya, kutchera makina, ndi kulondola warranty.

Mtengo wa pa tsamba si umene mudzalipire. Onjezerani wotumizira ndi msonkho wa MRA, womwe amauwerengera pa mtengo wa katundu kuphatikiza mayendedwe ndi inshuwaransi. Kamera ikafa ili pa warranty, makampani ambiri amafuna muibweze kaye kudziko limene munaigula, ndipo ndalama yotumizira kamera imodzi imatha kuyandikira mtengo wa yatsopano. Zokhala ndi batire ya lithium zilinso ndi malamulo ake pa ndege, otumiza ena amazikana.

Musanalipire, funsani kumene kamerayo imasunga zojambula. Ring, mukapanda kulipira mwezi ndi mwezi, mumangoona zimene zikuchitika nthawi yomweyo, za usiku wapita mulibe. Kulipirako ndi kwa ndalama zakunja pa khadi la banki, ndipo mavuto a forex mukuwadziwa. Kuno sankhani zosunga pamalo pomwepo, pa NVR (bokosi lolandira ndi kusunga zojambula za makamera onse) yokhala ndi hard disk. Onaninso ngati palembedwa ONVIF kapena RTSP, zimene zimalola kamera ya kampani ina kugwira ntchito ndi NVR ya kampani ina. Zoyendera batire zambiri zilibe. Ngakhale kwa Reolink, makamera ena obwera m'bokosi limodzi ndi NVR amagwira ndi NVR ya Reolink yokha, choncho werengani nambala ya model, osati dzina la kampani lokha.

China: Hikvision yotchipa kwambiri ya pa misika ya pa intaneti nthawi zina imakhala yopangidwira msika wa ku China, wogulitsa nkusintha firmware (pulogalamu ya mkati yoyendetsa kamera) kuti ionetse Chingerezi. Mukadzaikamo firmware yatsopano imabwerera ku Chitchaina kapena kufa kumene, ndipo NVR ya Chingerezi imatha kuikana. Warranty palibe, chifukwa sinadutse njira yovomerezeka.

Wa Sola ku Mchesi:
Mjomba anena za kugula, ine ndinene za magetsi, poti apa mpamene ambiri amagwa. Shopu isadalire makamera a Wi-Fi kapena a batire. A batire amagona, amadzuka akamva kuyenda kwa munthu, ndiye masekondi oyamba amasowa ndipo nthawi zambiri mumajambula msana wa munthu akuchoka. Wi-Fi nayo ikadutsa makoma awiri a njerwa ndi mashelefu a zitsulo imafooka. Tengani PoE: waya umodzi wa Cat5e kapena Cat6 umanyamula magetsi ndi zithunzi, mpaka mamita 100. Waya ukhale wa kopa weniweni. Wolembedwa CCA ndi aluminiyamu wokutidwa kopa pamwamba, umataya mphamvu panjira, ndipo chizindikiro chake nchakuti kamera imayenda bwino masana koma usiku, timagetsi ta IR toonera mumdima tikayaka, imazima nkuyakanso. Ambiri amati kamera ndi yofoira pomwe wolakwa ndi waya.

Masamu ake ndi awa. Kamera imodzi imadya mawati 5 mpaka 8, NVR ndi hard disk 15, rauta 10. Zonse pamodzi ikani 60. Ka UPS (kabokosi kopereka magetsi akathima) ka 650VA kali ndi batire ya 12V 7Ah mkati, sikangafike ola limodzi. Batire ya 12V 100Ah ili ndi 1,200Wh, koma ya lead-acid simuyenera kuitsitsa kupitirira theka, ndiye mwatsala ndi 600Wh. Mukachotsa zotayika mu inveta, ndi maola 8 kapena 9. Magetsi a ESCOM akathima usiku, izi ndi zimene zimakupulumutsani.

Onaninso adaputala. Kuno ndi 230V ndi pulagi ya mano atatu ngati ya ku Britain. Katundu wa msika wa ku America amabwera ndi pulagi ya mano awiri, werengani ngati palembedwa 100-240V musanalowetse. Nyengo ya mvula, waya wopita kunja uikidwe choteteza ku mphenzi cholumikizidwa ku earth, ndipo polumikizira pake pakhale m'kabokosi kosalowa madzi. Madzi akalowa mu RJ45, kapulagi ka kumapeto kwa wayayo, mapini amachita dzimbiri, kamera nkumangosowa pa sikirini.

Nabanda wa Hadiweya:
Zikomo kwambiri abambo. Nanga ndikuona ena alemba 4MP, ena 8MP kapena 4K. Yochuluka si ndiyo yabwino? Ndipo hard disk ndigule yaikulu bwanji?

Chisale CCTV:
Ayi mayi, nambala yaikulu ya MP (mamiliyoni a mapikiseli, timadontho topanga chithunzi) ndi imene ogulitsa mwachindunji amakopera anthu, chifukwa palibe mmisiri pakati woti aitsutse. Usiku chofunika ndi kukula kwa sensa, kachipangizo kolandira kuwala m'kamera. Kamera ya 8MP yokhala ndi sensa ya 1/2.8 imaonetsa bwino masana, koma mumdima imachedwetsa shata kuti ipeze kuwala, ndiye munthu woyenda amaoneka ngati chithunzithunzi. Ya 4MP yokhala ndi sensa ya 1/1.8, yomwe ndi yaikulupo, imaiposa. Zithunzi zotsatsira malonda amajambula bwalo lopanda choyenda, nchifukwa chake zimakongola.

Kuti nkhope izindikirike, muyezo umene amisiri amatsata ndi mapikiseli 250 pa mita. Kamera ya 4MP ili ndi mapikiseli 2,560 m'lifupi, kutanthauza kuti malo amene ikuona asapose mamita 10 m'lifupi. Lenzi ya 2.8mm imatambasula kwambiri, imafika pa mulingo umenewu pa mtunda wa mamita 4 okha. Ya 4mm pafupifupi mamita 6. Choncho pakhomo ndi pa kauntala ikani ya 4mm yoloza podutsa anthu, pamtunda wa mamita 2.5 mpaka 3 kuchokera pansi. Mukaikweza kudenga kuopa kuti aiba, mudzajambula zipewa. Isayandikirenso khoma loyera kapena malata, chifukwa IR imabwerera nkuchititsa khungu kamera. Akangaude amakonda kumanga pamenepo, muzipukuta.

Hard disk: kamera ya 4MP pa H.265 (njira yopanikizira vidiyo), yotcheredwa pa 4 Mbps, imadzaza pafupifupi 43GB pa tsiku. Anayi ndi 173GB, ndiye 2TB imasunga masiku 11, 4TB masabata atatu. Pa shopu katundu wosowa amadziwika powerengera sitoko, osati tsiku lomwelo, choncho 4TB ndiyo yoyenera. Ikhale yopangidwira kujambula usana ndi usiku, monga WD Purple kapena Seagate SkyHawk. NVR ibisidwe ndi kukhomeredwa. Akuba odziwa amayamba kunyamula iyo.

Kondwa_Netiweki:
Kuonera pa foni: ngati intaneti yanu ndi ya SIM khadi ya TNM kapena Airtel, njira yakale yotsegula ma port pa rauta kawirikawiri sigwira, chifukwa ogwiritsa ntchito ambiri amagawana adiresi imodzi ya IP. Mudzadalira P2P, yodutsa pa ma seva a kampani yopangayo. Poonera sankhani sub-stream, vidiyo yopepuka yosadya bandulo yambiri. Pa 4 Mbps ola limodzi limadya 1.8GB ya bandulo, pa 512 kbps ndi 230MB basi.

Ma seva amenewo si opanda ngozi. Mu 2022 zinadziwika kuti Eufy inkatumiza tizithunzi ku ma seva pomwe inkatsatsa kuti zonse zimasungidwa m'nyumba. Mu February 2024 Wyze inavomereza kuti ogula pafupifupi 13,000 analandira zithunzi za makamera a anthu ena. Hikvision nayonso mu 2021 inapezeka ndi vuto lalikulu lolola munthu wakunja kulanda kamera, lomwe linatsekedwa ndi firmware yatsopano. Ndiye tsiku loyamba sinthani pasiwedi, zimitsani UPnP (yolola zipangizo kudzitsegulira zokha ma port) pa rauta, ikani firmware yochokera pa tsamba la kampani yokha, ndipo antchito apatseni akaunti yongoonera.

Mukasankha woika makamera uja, akulembereni nambala za model pa kotesheni, ndipo akaunti ya admin ndi ya Hik-Connect (pulogalamu ya Hikvision yoonera pa foni) ilembetsedwe pa nambala kapena imelo yanu. NVR imamangiriridwa ku akaunti imodzi yokha. Akauntiyo ikakhala ya woikayo, tsiku limene mudzasemphane mudzavutika kuimasula.