Mwambi wa amalinyero akale woti "nyimbo yabwino ndi amuna khumi pachingwe", ukutanthauza chani kwenikweni?

Mayi wa ku Dedza, pano ku London:
Abale anga ndithandizeni kuganiza, nkhaniyi yandikhala mmutu kuyambira Loweruka. Ndinatenga ana kupita ku Greenwich kukaona chombo chakale chija cha Cutty Sark, chomwe anachikhoma mu 1869 chinkanyamula tiyi kuchokera ku China kenako ubweya wa nkhosa kuchokera ku Australia, pano chinangoikidwa pamtunda anthu nkumalowamo. Nde panali bambo ena achikulire amafotokoza za nyimbo zomwe amalinyero ankaimba akamakweza matanga, okha amati shanty, ndipo mkati mofotokozamo anatchula mwambi wa amalinyerowo, akuti nyimbo yabwino ndi amuna khumi pachingwe. Anangotchula nkupitirira, ine uku ana akundikoka malaya sindinathe kufunsa. Koma usiku onse ndimangoganiza, nyimbo ingakhale bwanji amuna khumi poti ilibe manja? Kodi akunena zoti munthu ukamaimba umaiwala kutopa basi kapena pali china chozama? Ndipo kwathu tili nawo mwambi ofanana nawo? Ine ndakulira kumapiri, a kunyanja ndi akuluakulu tiuzeni chonde.

Mnyamata wa ku Area 25:
Achemwali imeneyo ndi mutu umodzi susenza denga basi. Kugwirizana. Azungu angounena mwa njira yawo.

Mphunzitsi wopuma, Zomba:
Mwana wanga wa ku 25, wayandikira koma sunafike. Mutu umodzi susenza denga ukunena za kuchuluka kwa anthu, kuti ukakhala wekha itana anzako, chimodzimodzi chala chimodzi sichiswa nsabwe. Koma mwambi wa amalinyerowu anthu alipo kale pachingwepo, palibe wina oti aitanidwe, muli pakati pa nyanja yamchere miyezi itatu osaona mtunda, mukamuitana ndani?

Mayi, kuti muumvetse muyambe mwaona ntchitoyo mmene inalili. Thanga la zombo zimenezi silinali ngati nsalu yoyanika pachingwe ayi. Limamangiriridwa ku chimtengo chopingasa, ndipo chimtengocho pamodzi ndi thanga lake ndi chomwe ankachikweza pamlongoti, pa zombo zikuluzikulu kulemera kwake kumapitirira tani, nthawi zina thangalo litanyowa ndi mvula, pansi pakuterera, chombo chikupendama uku ndi uku. Chinthu chotere sichikwera ndi kukoka kwa pang'onopang'ono. Chimafuna kutswanyula kamodzi nonse, thupi lonse kugwera mmbuyo nthawi imodzi, kenako kupuma nkusuntha manja, kenako kutswanyulanso. Tsono amuna khumi ndi awiri akakoka aliyense nthawi yake, wina watsogola wina watsalira, mphamvu ya uyu imathera pogwirizira pomwe mnzake wasiya, chimtengo chija osasuntha olo pang'ono. Koma asanu ndi mmodzi akagwera kamodzi chimakwera.

Nyimboyo ndi imene inkawauza nthawi. Otsogolera amaimba mzere wake yekha, apo anzake akupuma ndi kugwira bwino chingwe, kenako onse amavomera, ndipo mkati mwa kuvomerako muli mawu odziwika, kawirikawiri awiri, omwe ukafika pamenepo ndi pokokera. Aliyense akudziwa pomwe mawuwo agwere ngakhale kuli mdima bii sakuonana. Ndiye amuna khumi a mumwambiwo si anthu obwera kuchokera kwina, ndi mphamvu ya omwewo imene imatayika chifukwa chosiyana nthawi, nyimbo yaitolera nkuibwezera pachingwe.

Mwana wa msodzi, Nkhotakota:
Aphunzitsi mwalasa. Ine mmene ndimawerenga ndimangoona khoka la bambo anga. Amene simunaonepo, khoka limakhala ndi zingwe ziwiri, gulu lina uku lina uku pamchenga, ndipo mbali imodzi ikafulumira khoka limapotoka nsomba nkuthawira kumbali yotsalirayo, usiku onse mwagwira ntchito yaulere. Nde pamakhala munthu oyambitsa nyimbo ena nkumavomera, ndipo mwendo umaponda limodzi ndi kuvomerako. Ndili mwana ndinkaganiza kuti amaimba chifukwa chosangalala, mpaka tsiku lina oyambitsa uja atadwala chifuwa mawu osatuluka, ndinaona ndi maso anga amuna akuluakulu akukalipirana pachingwe, uyu akuti iwe ukulekerera uyo akuti ndiwe ukuthamanga, pomwe anthu ake ndi omwewo a dzulo. Bambo anangoti lero tachepa. Ine kuwerenga mitu ndinapeza kuti tilipo tonse, opanda mawu uja nayenso anali pachingwe pompo akukoka.

Mayi wa ku Dedza, pano ku London:
Achimwene a ku Nkhotakota, mawu a bambo anuwo andigwira mtima. Lero tachepa. Ndi mwambi omwewu ndithu koma ounena chobwerera.

Kalaliki wa padoko, Durban:
Ndionjezereko mbali ya ndalama poti mwambiwu uli ndi kuwawa kwakenso. Nyimbozi zinakula kwambiri pa zombo za malonda zaka za mma 1800, makamaka kuyambira pomwe zombo zinayamba kuyenda ndi nthawi yoikika pakati pa New York ndi Liverpool mu 1818. Eni zombo ankafuna phindu nde ankalemba anthu ochepa momwe angathere. Cutty Sark mwaionayo mayi, matanga 32, mlongoti waukulu pafupifupi mamita 47, koma oyendetsa sankafika ndi 30 omwe, ndipo mwa amenewo chotsanimo kaputeni, ophika, ndi ena omwe agona podikira nthawi yawo. Pomwe zombo zankhondo za Britain zinali ndi anthu mazanamazana, kumeneko nyimbozi sankazilola, ankayendera wezulo ndi kulamula, chifukwa manja analipo okwanira ndipo ankafuna lamulo lizimveka. Ndiye mmalinyero akamati nyimbo ndi amuna khumi amanenanso za amuna khumi enieni omwe bwana sanawalembe ntchito. Ine ndimaumva choncho, kunyadira kulipo koma kudandaula kulinso momwemo.

China chomwe ambiri sachitchula, kaimbidwe koyambitsa ndi kuvomera kameneka kanalowa kwambiri kudzera kwa anthu akuda, a ku Caribbean ndi a madoko a kummwera kwa America ngati Mobile ndi New Orleans, omwe ankapanikiza mabelo a thonje mmimba mwa zombo ndi zitsulo zopotokola uku akuimba. Amalinyero achizungu ankagwira nawo ganyu imeneyo nyengo yozizira nkutengako nyimbo kupita nazo panyanja. Choncho achimwene a khoka musadabwe kuti zikufanana.

Mnyamata wa ku Area 25:
Chabwino ndavomera, si denga lija. Koma aphunzitsi, zoiwala kutopa zija mwazitaya kotheratu? Ine ndimaona ngati nazonso zilipo.

Mphunzitsi wopuma, Zomba:
Zilipo mwana wanga, sindikukana, koma zimabwera pambuyo. Umboni wake ndi oti nyimbo zinali zosiyana malinga ndi ntchito. Yokwezera thanga ili ndi popumira ndi pokokera. Yokoka mwachidule pomangitsa chingwe chomwe chakungika kale imakhala yaifupi, kukoka kamodzi kumapeto. Yozulira nangula ndi ina, poti apo amuna amayenda mozungulira akukankha mitengo ya chimgolo chokulungira chingwe, nde imafuna nyimbo yoyendera, yaitali. Kukanakhala kungosangalatsa mtima bwenzi iliyonse ikugwira paliponse. Ndipo pa nthawi yopuma nyimbo zantchitozi sankaziimba, anali ndi zina zocheza nazo madzulo.

Agogo aakazi, Mchinji (akundilembera mdzukulu):
Ana inu mukukamba za nyanja koma ife pamtondo ndi zomwezo. Mukamasinja awiri kapena atatu mtondo umodzi, popanda nyimbo misi imagundana, chimanga kumwazika, ngakhale kuvulazana kumene. Nyimbo ndi imene imati uyu walowa uyu watuluka. Ndipo mmenemo ndi mmene tinkanenera zakukhosi, za apongozi, za abambo a kunyumba omwera ndalama ya fodya, palibe okuletsa poti ndi nyimbo. Ndifunse, amalinyero anuwo nawonso ankawanena mabwana awo?

Kalaliki wa padoko, Durban:
Agogo, amalinyerowo ankawanena kwambiri! Otsogolera ankapeka mawu pompo chifukwa nyimbo imayenera kutalika mpaka mkulu wa ntchito atakuwa kuti basi mangani, nde ankaikamo za chakudya choipa, za mkulu wankhanza, ndipo akuluwo ankangozimva nkuzisiya bola thanga likwere. Mmodzi mwa otsogolera otsiriza anali Stan Hugill, anabadwa 1906 anamwalira 1992, anali pa chombo cha Garthpool chomwe chinasweka ku Cape Verde mu 1929, ndipo nyimbo zambiri zomwe anthu akuimba lero ndi zomwe iyeyo anazitolera nkuzilemba mbuku. Mmene sitima za malasha zinkalanda malonda, makamaka ngalande ya Suez itatsegulidwa mu 1869, chaka chomwecho cha Cutty Sark, zingwe zokoka ndi manja zinkatha ndipo nyimbo zinkatha nazo.

Mwana wa msodzi, Nkhotakota:
Kwathu kuno matanga tinawadziwira kwa Aswahili a Jumbe omwe ankaoloka nyanja ndi minyanga komanso akapolo, mbiri yowawa, ndipo mawu oti thanga ndi mlongoti mukawamva pa Chiswahili ndi omwewo. Amalinyero ndi la Apwitikizi. Ku Likoma zombo za thanga zikuyendabe kupita tsidya la Mozambique. Ndikapita kumudzi mwezi wa mawa ndikawapempha amalume andiimbire ya khoka ija ndijambule pafoni, otsala odziwa mawu ake onse ndi iwowo basi.

Mayi wa ku Dedza, pano ku London:
Chonde achimwene mukajambula munditumizire, ndipo muwafunse amalumewo kuti mwendo umaponda pa mawu ati. Ndikufuna ana angawa ayimve tisanabwererenso ku Greenwich.