Za Kawinga ndi phiri la Chikala, ana sakumva

Wa ku Domasi: Aphunzitsi anzanga ndithandizeni, mutu wa kukana atsamunda wandivuta. Ana akungoloweza kuti Kawinga, mfumu ya Ayao ya ku phiri la Chikala, anagonja mu 1895 basi. Ndikafunsa kuti nanga mu 1891 anabweza bwanji asilikali a Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda achi Britain, kalasi yonse zii. Mapu a m'buku ndi osalala ngati mphasa, Chikala sakuoneka kuti ndi phiri. Ndikufuna ndiwatengere konko aone okha matanthwewo. Alipo ali ndi sheet ya mapu a derali, ya sikelo ya 1:50,000?

Wa ku Thondwe: Achimwene musavutitse ana. Nkhani ndi mfuti. Johnston anali ndi asilikali achi Sikh ochokera ku India komanso mizinga.

Mayi wa ku Chinamwali: Sheet ndili nayo koma yang'ambika popinda. Muyambe mwawaphunzitsa kuwerenga ma contour, mizere ya pa mapu yosonyeza kukwera kwa malo, apo ayi akangokatola masuku. Ndipo muwachenjeze kuti zimene akaone lero si zimene zinalipo. Mitengo inatha ndi makala, malo amene munthu akanabisala pano ndi poyera. Chilwa nayonso imasuntha, inaphwa mu 1995.

Wa ku Malosa: Osakwera musanaonane ndi amfumu. Ine ndinalowa ndi ana m'nkhalango ina osadziwa kuti ndi manda, tinachoka titapepesa ndi nkhuku. Kuchokera tsiku limenelo ahedi akangomva mawu oti ulendo amayang'ana kumbali.

Wa ku Thondwe: Phirilo linachoka mu 1895? Linali pomwepo, koma anagonja. Mfuti.

Mayi wa ku Chinamwali: Bambo, nanga ku Karonga pa 9 September 1914? Mbali zonse zinali ndi mfuti. Gulu lalikulu la KAR (King's African Rifles, asilikali a boma la atsamunda) linalowera kumpoto, Majeremani akutsika, anaphonyana m'tchire mpaka Majeremaniwo anakafika pa boma. Limenelo si tchire linachita?

Wa ku Thondwe: Kumeneko anali azondi ofooka. Ndikunenabe, mfuti.

Wa ku Malosa: Komanso mvula ikayamba musayerekeze, miyala imaterera. Mwana mmodzi akathyoka mwendo mlandu ndi wanu, makalata a makolo asayinidwe onse. Minibasi musalipiretu yonse.

Wa ku Domasi: Mayi, sheet ija ndingaipeze Lachisanu? Ndikadzera ku Chinamwali.

Wa ku Malosa: Paja ndani anatenga globe ya ku cluster? Sinabwerebe.